Chaka Chimene Akazi a ku Zilibwino Anaonda Mwadala

Ku ufumu wa Zilibwino kunali lamulo lakale loti mawu akuti njala asatchulidwe pabwalo la mfumu. Analikhazikitsa agogo ake a mfumu imene inalipo, ndipo linagwira ntchito bwino kwambiri, chifukwa kuyambira tsiku limenelo palibe nduna imene inamvapo zoti m'dziko muli njala. Mvula ikadula, ankati dzuwa lawakonda. Chimanga chikafota chisanamasule ngayaye, ankati chapumula. Anthu akumidzi nawo anaphunzira kayankhulidwe kameneka, moti munthu ukamupeza akukumba zitsa za nthochi ankakuuza kuti akungofuna kusintha m'kamwa.

Chaka chimene tikunenachi dzuwa linawakonda kwambiri anthu a ku Zilibwino. Ufumu woyandikana nawo wa Tikuonani unamva chisoni n'kutumiza chimanga, malole makumi anayi, ndi mawu akuti munthu wamkulu aliyense azilandira ndowa yodzaza mwezi ndi mwezi kufikira nthawi yokolola. Chimangacho chinalowa m'nkhokwe za mfumu ku likulu, ku Pachitunda, ndipo makiyi anasunga a Nankafumbwe, Nduna ya Nkhokwe. Anawasunga bwino ndithu. Masabata atatu anapita popanda njere imodzi yotuluka.

Tsiku lina Mfumu Ndakhuta Wachitatu inadutsa pamsika wa Tapirira ikupita kukaona ng'ombe zake. Dalaivala anachepetsa liwiro chifukwa cha maenje, ndipo mfumu inasuzumira pawindo, chinthu chimene sinkachita kawirikawiri. Itabwerera inasonkhanitsa nduna zonse n'kufunsa chimene chaondetsa akazi a m'dziko lake, pakuti inaona mayi wina atazunguliza chitenje kawiri n'kutsalako china.

Nduna zinayang'anana. Yankho aliyense ankalidziwa, koma linali loletsedwa. Ndiye anaimirira a Nankafumbwe, amene anakhalako miyezi itatu kunja pa maphunziro a kasungidwe ka mbewu, n'kufotokoza kuti zimene Mwinidziko anaonazo ndi chitukuko. Anati kumaiko otsogola akazi safuna thupi. Amadzimana chakudya mwadala kuti chiuno chioneke, ena mpaka kulemba ntchito munthu woti aziwaletsa kudya. Akazi a ku Zilibwino, pansi pa utsogoleri wanzeru, afika pamenepo okha popanda wowaphunzitsa. Nduna zinaomba m'manja. Kuombako kutazirala, a Nankafumbwe anawonjeza motsitsa mawu kuti kungakhale kuwalakwira amayi otukuka chotere kuwapatsa ndowa yodzaza. Mwamuna alandire yodzaza, mkazi theka. Theka lotsalalo unduna udzaona pokalisunga.

Chinavuta n'chimodzi. Kazembe wa ku Tikuonani, mayi wamagalasi wosakonda kuseka, anati eni chimanga sangalole kusintha muyeso pokhapokha ataona umboni wa manambala wosonyeza kuti kudzimana chakudya kumayenderadi limodzi ndi ukazi. Apa ndi pamene bwalo linakumbukira kuti lili ndi munthu wa ntchito imeneyi.

A Gelesomu Kadzamira anali mkulu wa Ofesi ya Ziwerengero, kachipinda kakang'ono kuseri kwa khola la nkhuku za mfumu. Anali munthu wofatsa, wa jekete limodzi ndi pensulo kukhutu. Kwa zaka makumi awiri ntchito yawo inali kuwerenga ng'ombe za mfumu, ndipo ankauzidwa kale kuti zichuluke kuposa chaka chatha. Koma mumtima ankakhulupirira manambala monga ena amakhulupirira mankhwala a sing'anga. Ankakonda kunena kuti munthu amanama, nambala sinama. Atamva kuti akufunidwa pa kafukufuku weniweni, wa anthu amoyo, anachapitsa jekete lija.

Pabwalo anabwera ndi malichero anayi ndi kathumba ka nyemba. Anawayala pansi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, n'kufotokoza mwapang'onopang'ono. Lichero loyamba n'la amuna odya mpaka kukhuta, lachiwiri la amuna osiya chakudya dala, lachitatu la akazi odya mpaka kukhuta, lachinayi la akazi osiya dala. Adzafunsa mabanja mazana awiri, bambo ndi mayi, anthu mazana anayi, munthu aliyense nyemba imodzi. Ngati umuna kapena ukazi ulibe nazo kanthu, osiya chakudya adzagawikana pakati, amuna ndi akazi chimodzimodzi. Koma nyemba zikaunjikana mbali imodzi, pali kawerengedwe kamene kamatulutsa nambala imodzi. Nambalayo ikakhala yaing'ono, ndiye kuti zangochitika mwangozi. Ikafika pa zinayi n'kupitirira, ndiye kuti zinthu ziwirizi zikuyenderadi limodzi.

Nduna ya Zamwambo inafunsa lichero limene mfumu idzalowe. Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka, n'kugwirizana kuti mfumu silowa m'lichero chifukwa malichero onse ndi ake. Kenaka a Nankafumbwe anafunsa ngati nambalayo singapezeke lero lomwe kuti kazembe auzidwe, kufunsa anthuko kudzachitike pambuyo. A Gelesomu anayankha mwaulemu kuti nambala ili ngati mowa, sumwedwa tsiku loviika chimera. Nduna inati ku unduna wake amamwa, koma inalola. Nyemba zija zinasowa tsiku lomwelo, ndipo palibe amene anafunsa kumene zinapita.

Anawapatsa alembi awiri, onse ana a mlongo wawo wa a Nankafumbwe, amuna akuluakulu amene ntchito zina zonse zinawakana. Wina anali wamtali, wina wamfupi. Atatuwa anayenda m'midzi masabata awiri.

Tsono ku Zilibwino mlendo sayamba nkhani asanasambe m'manja, makamaka mlendo wochokera kubwalo. Pakhomo lililonse zinkayenda mofanana. Bambo ankatulutsa mipando, mayi n'kuzimirira kuseri kwa nyumba, n'kukhalako nthawi yaitali. Pambuyo pake ankatulukira ndi mbale, n'kugwada, n'kuikira alendo ndi bambo. Masiku oyamba a Gelesomu ankafuna kukana, koma kukana chakudya cha munthu ndiko kumutchula mfiti kapena mmphawi, ndipo iwo sanaleredwe chotero. Ankadya pang'ono. Alembi aja ankadya ngati atumidwa.

Mbale zikayera, funso linkabwera. Kodi chakudya mumadya mpaka kukhuta, kapena mumasiya dala? Bambo ankayankha mokweza kuti oyandikana nawo amve, kuti pakhomo pano timadya, bwana, funsani aliyense. Mayi, ali chigwadire pafupi ndi chitseko, ankayang'ana mwamuna wake, n'kuyang'ana mbale zopanda kanthu zija, n'kunena kuti iye amasiya, masiku ano mtima sufuna zambiri. Ena ankangoti adya kale. A Gelesomu ankachonga m'buku, n'kuthokoza, n'kupita khomo lina, kumene mayi winanso ankazimirira kuseri kwa nyumba.

Atabwerera ku kachipinda kawo anawerenga. Mwa amuna mazana awiri, osiya dala anali makumi anayi okha, ambiri mwa iwo nkhalamba zopanda mano. Mwa akazi mazana awiri, osiya dala anali 160. Akazi makumi anayi otsalawo anali ofulula mowa ndi akazi a eni magolosale, koma m'buku munalibe malo olembapo zimenezo. Pakanakhala kuti palibe mgwirizano, lichero lililonse likanakhala ndi anthu zana. Lililonse linaphonya ndi makumi asanu ndi limodzi. Anachulukitsa, anagawa, anaphatikiza malichero onse anayi, ndipo nambala inatuluka 144. Anabwereza katatu. Malire anali zinayi. Chiyambire sukulu sanaonepo nambala yonenepa chotero, ndipo anatuluka panja akumwetulira ngati munthu amene ng'ombe yake yabereka amapasa.

Ku Zilibwino chinsinsi cha boma chimafika kumsika inki isanaume. Tsiku lotsatira a Gelesomu anadzera pa Tapirira kukagula mchere, ndipo anapeza amayi akuwadikira ndi maso. Woyamba kuyankhula anali Nagama, wogulitsa bonongwe ndi therere, mnzake wa akazi awo.

"Abwana a manambala, tamva kuti mwatipeza. Akuti tikufuna chiuno. Ine wa ana asanu ndi awiri, chiunocho ndipite nacho kuti?"

Wogulitsa matemba, amene kuyambira m'mawa anali asanagulitse mulu umodzi, anati iye akuthokoza mfumu, chifukwa mwamuna wake wasiya kuwerenga akazi a eni, tsopano akuwerenga nthiti zake. Wina anafunsa ngati boma lidzagawa magalasi odziyang'anira, poti chitukuko chosadziona n'chopanda phindu. Sanaseke mokweza. Kuseka kumafuna mphamvu.

A Gelesomu anadziteteza mofatsa kuti iwo analemba zimene amayi eni ake ananena, sanawonjezepo kanthu. Nagama anavomera kuti n'zoona, n'kufunsa za moyo wa alembi aja. Anati wamfupi uja anafika kwawo lamba ali pa bowo lachitatu, koma dzulo wadutsa pamsika batani la thalauzi litakana kutseka.

"Kwathu munabwera atatu," anatero, akuwaza madzi pa bonongwe wake. "Ufa umene unalipo unali wa masiku awiri. Mitanda munadya ija, achimwene, mumayesa inali ya yani?"

A Gelesomu anaiwala mchere. Anayenda ulendo wa kunyumba akuwerengera mumtima, monga mwa chizolowezi chawo. Makomo mazana awiri, alendo atatu pakhomo. Anasiya pamenepo chifukwa yankho silinawasangalatse.

Kunyumba anafika dzuwa lili pamutu. Akazi awo, Nachisale, anabwera ndi madzi osamba m'manja, kenaka mbale ya mitanda iwiri ya mgaiwa ndi kambale ka therere. Adzukulu awo awiri amasiye anali atadya kale. A Gelesomu anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, n'kuwapempha akazi awo kuti akhale pansi adye nawo. Nachisale anaseka ngati amva nthabwala, n'kunena kuti iwo adya kale, n'kubwerera kuseri.

Mawu amenewo a Gelesomu anali atawamva kambirimbiri m'masabata awiri, ndipo nthawi iliyonse anachonga lichero lachinayi. Anadzuka n'kupita kukhitchini, kumene sanapondeko chimangire. Anapeza Nachisale atakhala pa mtondo wogubuduza, m'manja muli kambale ka nkhoko zopala mumphika zitaviikidwa m'madzi. Mayiyo anabisa kambaleko kumbuyo n'kukalipa kuti mwamuna wamkulu akufuna chiyani kuno, anthu akaona adzati anadyetsedwa mankhwala.

"Bwanji simunandiuze?" anafunsa a Gelesomu.

"Munandifunsa? Inu mumafunsa anthu mazana anayi a eni."

Kenaka Nachisale anatulutsa kambale kaja, poti kubisa kunalibenso ntchito, n'kuyankhula osawayang'ana.

"Buku lanulo silinaname, bambo. Kusiya timasiyadi dala. Wofunsa akanafunsa kuti timasiyira yani."

A Gelesomu anabwerera pakhonde, ndipo mitanda ija inazizira ili pomwepo. Nambala yawo inali yolondola, anailondola katatu. Inanena kuti ukazi ndi kusiya chakudya zikuyendera limodzi, ndipo zinalidi kuyendera limodzi, monga mbuzi ndi munthu wopita nayo kokapha amayendera limodzi. Chimene nambalayo sinanene n'chakuti akukoka chingwe ndani. Ndipo pakutha pa masiku anayi, nambala yomweyo inali kukadula pakati ndowa ya Nachisale ndi ya mkazi aliyense m'dziko.

Kuibisa sakanatha, chifukwa alembi aja anali atakauza kale amalume awo. Kunena chifukwa chenicheni sakanathanso, poti mawu ake anali oletsedwa. Munthu amene sadziwa china koma kuwerenga, akapanikizika amawerenganso. Sabata imeneyo ku Pachitunda kunali phwando lokumbukira tsiku limene mfumu inakhala pampando. A Gelesomu anaima pakhoma ndi buku lawo kuyambira masana, n'kumayang'ana mbale za amuna makumi asanu ndi akazi makumi asanu a kubwalo. Mwa amuna, awiri anasiya chakudya, chifukwa mowa unayamba kuwagwira. Mwa akazi, awirinso, pa chifukwa chomwecho. Mfumukazi inamaliza mbale zitatu, koma anailemba kamodzi, pakuti lamulo la ntchito ndi munthu mmodzi nyemba imodzi.

Tsiku lopereka zotsatira bwalo linadzaza. Mfumu inakhala pakati, Mfumukazi kudzanja lake lamanja pampando umene amisiri anaukuza chaka chatha, kazembe pambali ndi kabuku kake. A Gelesomu anawerenga za malichero anayi, n'kutchula 144. Nduna zinaimirira. Akazi a nduna analulutira. A Nankafumbwe anayankhula kwa theka la ola kuti sayansi yavomereza zimene Mwinidziko anaona kale pawindo, ndi kuti pa dziko lonse lapansi palibe ufumu wina wa nambala yaikulu chotere. Anapempha kuti ilembedwe pa chipata cha likulu.

A Nankafumbwe atakhala pansi, a Gelesomu anali chiimire. Anati pali pepala lachiwiri. Anawerenga mpaka kumapeto: osiya chakudya paphwando la kubwalo, amuna awiri, akazi awiri, nambala yake ziro.

"Mwinidziko," anatero, "nambala imangonena kuti zinthu ziwiri zapezeka pamodzi. Kumidzi, kumene mbale ndi imodzi, akazi amasiya. Kuno, kumene mbale n'zambiri, sasiya. Ine ndaima pamenepo, poti kupitirira apo ndilakwira lamulo."

A Nankafumbwe anadzuka n'kunena kuti nkhaniyi n'njosavuta, 144 ndi wamkulu kuposa ziro, choncho wapambana. Nduna zinayamba kuomba m'manja, koma kazembe anakweza cholembera n'kufunsa kuti ngati chibadwa cha mkazi ndiko kusiya chakudya, nanga amayi a kubwalo amene sasiyawa awalembe kuti chiyani. Asanayankhidwe, Mfumukazi inatembenukira kwa mwamuna wake. Tiyenera kunena pano kuti mayina a anthu a kubwalo ndiwo anali pamwamba pa mndandanda wa olandira chimanga. Mfumukazi inafunsa, ndi mawu otsika amene aliyense anawamva, ngati nayonso idzalandire theka.

Mfumu inapukuta thukuta n'kulamula nduna kuti zikaganize. Zinakhala m'chipinda maola awiri, ndipo zinatuluka ndi chigamulo chimene zinati chikulemekeza sayansi ndi banja lachifumu nthawi imodzi. Sayansi yanena kuti mkazi ndi munthu wosiya chakudya, ndipo sayansi sibwezedwa. Choncho aliyense womaliza mbale yake, pa nkhani ya chimanga, ndi mwamuna, ndipo alandire ndowa yodzaza. Mfumukazi ndi amayi onse a kubwalo analembedwa amuna tsiku lomwelo, ndipo analulutiranso.

Kazembe anati lamulo ndi la onse, ndiye aliyense ayesedwe pa tsiku logawa. A Nankafumbwe anavomera akuseka, chifukwa ngakhale anapita kunja, anabadwira kumudzi ndipo ankawadziwa anthu awo. Mkazi wa ku Zilibwino sadya pamaso pa amuna. Ngakhale paukwati amadyera kuseri, ndipo amasiya kachidutswa m'mbale kuti asatchedwe wadyera. Kuti zikhale zotsimikizika, Nduna inalamula kuti mbale ikhale yaikulu, idyedwe pampando, pakati pa msika, amuna ndi apongozi akuona. Wolemba mayina akhale a Gelesomu, popeza amakonda kuyang'ana mbale za eni.

Tsiku logawa linafika. Pa Tapirira anaika tebulo, mpando, beseni la madzi, ndi migolo ya chakudya choyesera. A Nankafumbwe anakhala pansi pa ambulera, kumbuyo kwawo matumba ataunjikidwa. Amuna anayamba. Aliyense anadya, anayeretsa mbale, analandira ndowa yodzaza, ena n'kufunsa ngati mayesowo angabwerezedwe. Akazi anaima patali pansi pa mitengo ya mango, matumba opanda kanthu m'manja. Palibe anasuntha. Amuna amene anakhuta aja anayamba kuyankhula mokweza kuti mkazi wodya pamenepo ndiye kuti alibe ankhoswe, wachititsa manyazi mtundu wonse. Dzuwa linakwera. Nduna inayang'ana wotchi n'kuuza alembi kuti ayambe kuyeza matheka, amayi asachedwe kukaphikira amuna awo.

A Gelesomu anayang'ana buku lawo. Anali atachita zonse zimene munthu wa pensulo angachite, ndipo anaona kuti sizinakwanire.

Ndiye Nagama anachoka pansi pa mango. Anayenda osafulumira, anadutsa mwamuna wake amene anamuitana ndi dzina kawiri, anadutsa apongozi ake aamuna amene anayang'ana kumwamba ngati aona mbalame yachilendo. Anakhala pampando, osati pansi. Anasamba m'manja, n'kuuza anthu kuti manyazi anapha lambe ndipo iye maliro akewo anapitako kale. Anadya mosathamanga, ngati munthu amene akulima mzere wake. Atamaliza anapukuta mbale ndi chala n'kuitembenuza kuti Nduna ione. A Gelesomu anafunsa dzina, monga mwa ntchito, ngakhale ankalidziwa.

"Lembani a Gama," anatero. "Ndowa ikhale yosefukira, ndili ndi banja loti ndidyetse."

Wachiwiri anali wa matemba uja. Pofika wachisanu panali mzere, ndipo pofika masana mzerewo unazungulira msika n'kukafika kumsewu. Ophika anatuma anthu kukatenga ufa wina. A Nankafumbwe anayesa kunena kuti mbale yachepa, anaikuza, koma zinangothandiza amayi. Anayesa kunena kuti nthawi yatha, kazembe anati iye sakufulumira. Kenaka anamva mutu n'kulowa m'galimoto.

Nachisale anabwera cha kumapeto, dzuwa litapendeka. Sanayang'ane amuna awo. Anakhala m'mphepete mwa mpando, atatembenukira kumbali, n'kuyamba kudya timbamu ting'onoting'ono ngati akuba. Atafika pakati, a Gelesomu anaona dzanja lamanzere likutsika mwakachetechete ndi theka la mtanda, n'kulowa m'chitenje. Dzanjalo linachita lokha, linazolowera adzukulu. Mlembi wamfupi uja anaonanso, ndipo anali atakweza kale cholembera kuti alembe theka.

"Nachisale," anatero a Gelesomu, "bwezani m'mbale. Ana akadya za m'ndowa."

"Mukundiyang'ana."

"Ndikukuyang'anani, inde. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sindinakuonenipo mukudya."

Mayiyo anakhala kanthawi dzanja lili m'chitenje. Kumbuyo Nagama anati amayi afulumire, amuna anzawo akudikira. Nachisale anatulutsa mtanda uja, anaususa m'ndiwo, anadya. Anamaliza zonse, n'kukankhira mbale kwa mlembi wamfupi kuti aiyang'ane bwino. A Gelesomu analemba dzina la akazi awo m'mzere wa amuna, ndi zilembo zawo zabwino zija.

Sabata yotsatira bwalo linalengeza kuti vuto la kuonda kwa akazi latheratu ku Zilibwino, popeza kalembera watsopano wapeza akazi khumi ndi asanu ndi awiri okha m'dziko lonse, onse odwala. Nduna ya Zankhondo inati ufumu sunakhalepo ndi amuna ambiri chotere ndipo adani achenjere. A Nankafumbwe anapatsidwa mendulo chifukwa chogawa chimanga chonse cha mweziwo osatsalako, ndipo anthu amene anaona amati poilandira misozi inalengeza.

Koma tsiku lija logawa, a Gelesomu atatseka buku, anapeza Nachisale akuwadikira pamsewu, matumba awiri ali pansi, limodzi lawo limodzi la akazi awo, onse ofanana. Chikwatiranireni, katundu wa pakhomo ankasenza ndi Nachisale, mwamuna n'kumatsogola ndi manja m'thumba. A Gelesomu anayamba kutsogola monga mwa masiku onse. Atayenda mapazi khumi anazindikira kuti kumbuyo kulibe mgugu. Anacheuka. Nachisale anali atasenza thumba limodzi lokha, linalo lili pomwe linali.

"Boma lati pakhomo pathu pali amuna awiri," anatero. "Lanu ndi ilo. Za kuchigayo tikakambirana kunyumba."